Kukamtula Jemima ku Mgona

"Ndamuona ndi maso angawa, osati zongomva ayi. Pa njinga yamoto, atamukulunga mwamuna manja m'chiuno ngati wake!"

Anali amuna anga a Leston, ataimirira pakhomo, nsapato za kuntchito asanavule n'komwe. Ine ndinali pansi, ndikusankha zovala za m'belo la kaunjika limene ndinatsegula masana.

"Nanga pa njinga yamoto munthu amagwira pati, abambo? Agwire mphepo?"

"Mayi a Jemima, musandiyankhe zachibwana. Kagwiridwe ka kasitomala ndimakadziwa. Uyu anatsamiritsa mutu pamsana pa mwamunayo, akuseka. Ndipo njira imene analowera si ya kusukulu."

"Ndiye mwamufunsa?"

"Ndimufunse ine, mwana wamkazi? Imeneyo ndi ntchito yanu. Mwana wafika zaka sikisitini, munakhalapo naye pansi n'kumuuza za amuna?"

Apa mtima unandikwera. Ndinaponya siketi imene inali m'manja mwanga.

"Ine? Mwana wa m'mimba mwanga ndimuuze zolaula? Kodi inu munaleredwa kuti? Kwathu ku Ntcheu munamvapo mayi akulangiza mwana wobereka yekha? Mwanayu anatha msinkhu ali Sitandade 8. Tsiku lomwelo ndinakuuzani kuti apite kwa azakhali ake akamulangize. Munati adikire holide ya Disembala. Disembala itafika munati kuntchito kwavuta. Yotsatira munati mwana awerenge, asasokonezeke. Yachitatu sindikumbukanso chimene munanamizira. Lero mukuti ndi ntchito yanga?"

"Ine ndimati a kutchalitchi amalangiza."

"Amalangiza, inde. Loweruka limodzi, atsikana sikisite m'holo, n'kuwauza kuti muziopa Mulungu ndi kuvala zazitali. Kenako fanta ndi mabanzi. Chimenecho n'chilangizo?"

A Leston akagonja sanena kuti ndagonja. Anatulutsa foni, n'kuimbira alongo awo a Rozina ku Bawi, kuwauza kuti akangomaliza kukumba mbatata abwere ku Lilongwe, pali mwana wofunika kumulangiza. Jemima anali kuchipinda nthawi yonseyi. Nyumba yathu ku Area 25 ndi ya zipinda ziwiri, munthu ukatsokomola kwina wina amayankha kuti pepani, choncho anamva zonse. Koma sanatuluke.

Musandione ngati mkazi wouma mutu. Ine ndinakula bwino, ndipo mpaka lero ndimakulakalaka kukula kumene kuja. Tsiku limene ndinatha msinkhu sindinapite kwa amayi, ndinathamangira kwa azakhali. Anandiika m'nyumba masiku atatu. Anabwera anamkungwi anayi, amayi a pakamwa posaopa kanthu, ondiimbira nyimbo, onditsina ndikamawodzera, ondiseka mpaka ndinalira, kenako n'kuseka nawo. Amayi anga ankangophika, n'kusiya mbale pakhomo, osalowa. Ndinatuluka m'menemo ndikudziwa zonse: mwamuna akati chakuti akutanthauza chiyani, mimba imabwera bwanji, ukakane motani. Mpaka tsiku lomwalira, ine ndi amayi sitinalankhulanepo za zimenezi, koma iwo ankadziwa kuti ndikudziwa. Umenewo unali ulemu, ndipo unali wokoma.

Ngakhale Area 25 imene ndinaipeza nditangokwatiwa inali ina. Kuseri kwa nyumba kunali minda ya chimanga, mipanda inali ya udzu, mpopi unali umodzi mzere wonse. Pampopi pomwepo amayi ankadziwa mwana wa aliyense. Mtsikana akaima ndi mnyamata pakona, nkhani inkafika kwawo iye asanafike. Lero ndi mipanda ya njerwa, magalasi osweka pamwamba, alendi kusintha mwezi ndi mwezi. Ukamuuza mnzako za mwana wake, akufunsa ngati umamudyetsa ndiwe. Inenso ana a eni ndawaona akukwera magalimoto osadziwika, n'kungoyang'ana kumbali.

Ndimadzuka faifi koloko kupita kumsika m'tauni, kubwerako dzuwa litalowa. A Leston ndi a mashifiti ku Kanengo. Jemima anali Fomu 3 pa sukulu ya masana, yolowa thu koloko. M'mawa wonse ankakhala yekha m'nyumba, iye ndi foni. Ndinkati mwana wanga ndi wofatsa, sayendayenda, ndipo ndinkanyadira.

Patapita masabata awiri a Rozina anafika, thumba la kachewere pamutu, mawu awo akumveka asanalowe pageti. Ine ndinali nditakonzeka ngati kuli ukwati. Ndinagula chitenje chatsopano cha namwali, ndinapha nkhuku, ndinapempha amayi awiri a kutchalitchi ochokera ku Dedza kuti Loweruka adzathandize nyimbo. Mumtima ndinkati tachedwa, komabe tafika.

Jemima anabwera kudzagwada.

"Mwayenda bwanji, azakhali?"

"Ndayenda bwino, mwana wa achimwene. Iii, wakulatu! Tadzuka ndikuone. Kanditungire madzi akumwa."

A Rozina anamutsatira ndi maso mpaka pandowa. Pobwerera anamuyang'ana pakhosi, anamuyang'ana kumapazi. Madzi aja analandira koma sanamwe. Kuseka konse kunathera pomwepo.

"Alamu, tiyeni kuseri."

Titafika kuseri kwa bafa anandigwira dzanja.

"Mwandiitanira chilangizo chiti? Cha namwali, kapena cha mimba yoyamba?"

"Mukuti bwanji, alamu?"

"Mwanayu ndi woyembekezera. Miyezi inayi, kapena kupitirira. Inu mumagona naye nyumba imodzi, simunaone?"

Ndinakhala pamwala wochapira. Ine amene ndimangomuyang'ana kasitomala n'kudziwa saizi ya siketi yake! Mwezi wapitawo Jemima anandiuza kuti yunifomu ikumuthina. Ndinamusankhira ndekha siketi yokulirapo m'belo, ndikuseka kuti watengera matupi a kwa abambo ake. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Kwa azakhali ake Jemima sanabise kanthu. Mwamunayo dzina lake Ezekiel, wa kabaza wa njinga yamoto, wokhala ku Mgona, munthu wa ndevu zake. Zinayamba nthawi ya mvula. Anamupeza akuyenda m'matope kupita kusukulu, anamukweza ulere. Mawa lake ulerenso. Kenako tchipisi, kenako mayunitsi a foni, kenako kumabwera kunyumba m'mawa ife titachoka. M'nyumba mwanga momwemo, ndipo pa anthu onse a mumpanda mwathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandinong'oneza.

A Leston atamva sanakuwe. Anakhala pampando, manja ali pamutu, nthawi yaitali. Bola akanakuwa.

"Akatulidwe," anatero pomaliza. "Mwini mimba alipo. Akamusunge."

"Abambo, mwanayu chaka chamawa alemba Fomu 4. Akachira akhoza kubwerera kusukulu, ena amatero. Tikamusiya kumeneko sukulu yathera pompo."

"Sukulu anaisiya yekha. Pano si ku matenite. Ndizituluka bwanji pageti, anthu akundiloza kuti mkulu wa mpingo uja akulera mimba ya wakabaza?"

"Anthu ake ati? Omwewa amene ankamuona akulowa m'nyumba mwanu n'kukhala chete?"

"Alamu," analowererapo a Rozina, "achimwene sakulakwa. Mwambo ndi umenewo. Mimba imakatulidwa kwa mwini wake. Mukamusunga pano, mwamunayo aziti palibe mlandu, mawa akawononga mwana wina. Tikamusiya pakhomo pake, abale ake achita manyazi, abwera kudzakamba. Mwana wa a Laws kumudzi tinachita chomwecho, lero ali pabanja, ana atatu."

"Kumudzi mumawadziwa amalume ake a mnyamata. Mtsikana akalira mumamva muli pakhomo panu. Uyu tikumudziwa ndani?"

"Munthu aliyense ali ndi kwawo, alamu."

Tinakangana sabata yathunthu. Amayi a ku Dedza aja ndinawauza kuti mwambo walephereka, mlendo wadwala. Foni ya Ezekiel inali yozimitsa tsiku lililonse. Jemima anasiya kupita kusukulu, ankangosesa pakhomo posesedwa kale. Ine ndinkamudutsa ngati mlendo, osati chifukwa chomuda, koma sindinkadziwa poyambira. Lachisanu a Leston ananena mawu omaliza: mawa Jemima akapezeka m'nyumba muno, atuluka pamodzi ndi amake. Ndinagonja. Ndinadziuza kuti mwambo umene unandilera bwino sungandinamize.

Tinanyamuka Loweruka kukungocha. Kumudzi mayi sapita nawo kokatula, amapita ndi ena. Koma m'tauni muno wachibale wina ndikanamupeza kuti? Choncho tinali atatu: a Rozina patsogolo, Jemima pakati ndi chikwama chake cha kusukulu atadzazamo zovala, ine pambuyo. Tinadutsa njanji, tinalowa m'tinjira ta ku Mgona todumpha madzi a m'mabafa. Amayi a kumeneko anali atayala kale masaka, akusankha mtedza wa ganyu. Anatiyang'ana kamodzi n'kupitiriza ntchito. Amayi awiri ndi mtsikana wa chikwama m'mawa choncho, panalibe chofunsa.

Jemima analoza chitseko chachitatu pa nyumba yaitali ya mdadada, chimene Ezekiel anangomulozera tsiku lina akudutsa pa njinga. A Rozina anakonza chitenje chawo, anatsokomola.

"Odi kuno!"

Chitseko chinatsegulidwa ndi kamtsikana kochepa kuposa Jemima, khanda lili kumsana, katavala juzi ya sukulu yofwifwa. Ndinaganiza kuti ndi mlongo wake wa mwamunayo.

"Akulu alimo?" anafunsa a Rozina.

"A Ezekiel? Anachoka Lolemba. Sananene kumene apita."

"Iwe ndiwe ndani wake?"

"Ndine Eva. Mkazi wawo."

Jemima anatulutsa kamawu kakang'ono ngati wapondedwa. Mkati ndinaonamo mphasa, mbaula, ndowa, basi. Pakhomo loyandikana panatuluka mayi wamkulu, mswachi uli kukamwa, n'kudzitchula kuti ndi mwini nyumbazo.

"Mwabwera kudzatula? Mwachedwa, amayi. Wathawa ameneyo, wamva kuti kukubwera mlandu. Koma amabwera, akatha mwezi amatulukira."

"Makolo ake ali kuti?" anatero a Rozina. "Amalume ake? Tikufuna munthu wamkulu woti timusiyire mawu."

Mayi uja anaseka, n'kulavula.

"Amalume? Kuno? Ena amati ndi wa ku Mulanje, ena amati ku Salima. Ine ndimadziwa dzina ndi njinga. Kamwana aka anadzakatula chaka chatha abale ake a ku Chinsapo, m'mawa ngati uno. Anati akudikira a kuchimuna adzakambe. Mpaka lero akudikira. Tsiku lobereka ndinakathamangira nako kuchipatala ndine, pa wilibala."

Ndinawayang'ana a Rozina. Nkhope yawo inali itagwa, koma ndi munthu woti akayamba chinthu amamaliza. Ndiponso ankaopa alongo awo. Anamugwira Jemima paphewa, anamukhazika pakhonde, n'kulankhula mokweza kuti mzere wonse umve.

"Ife a kwa Mbewe tabwera ndi katundu wa bambo wa nyumba ino. Tamusiya pano ali bwinobwino. Eni ake akabwera atipeze, tikambe."

Mawu amenewo kumudzi amagwedeza mudzi wonse. Pano panalibe woyankha. Wina anakweza wailesi. Eva yekha ndi amene anasuntha, anapatuka pakhomo n'kumuuza Jemima mofatsa, ngati mwana wolandira mnzake watsopano m'kalasi:

"Lowa. Chikwamacho uike pakona. Mphasa ndi imodzi koma tikwana."

"Tiyeni, alamu," anandikoka a Rozina. "Osacheuka. Mukacheuka mulira, mumulizanso mwana."

Ndinatembenuka. Ndinaponda kawiri, katatu.

"Amayi."

Ndinaima.

"Ndifunse chinthu chimodzi musanapite?"

"Funsa ine, mwana wa achimwene," anatero a Rozina.

"Ayi, azakhali. Ndikufuna amayi." Sankalira. Anali atakumbatira chikwama pamimba. "Tsiku lake likadzafika, ndidzadziwa bwanji? Chimayamba n'chiyani? Ndidzachite chiyani ndikadzakhala ndekha?"

Mukudziwa chimene pakamwa panga pananena? Panatseguka pokha, monga pazolowera.

"Zimenezo akuuza azakha..."

Ndinadzimva ndekha, ndinalekera pomwepo. Jemima anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndimadziwa kuti mutero. Ndi mmene munandiyankhira tsiku lija."

"Tsiku liti?"

"Mukusita zovala za kumsika. Ndinakufunsani ngati n'zoona kuti koyamba munthu satenga mimba. Ndinati anzanga akutero kusukulu. Munandimenya pakamwa, munati ndisamalaule pamaso panu, ndidikire azakhali. Sanali anzanga, amayi. Anandiuza ndi Ezekiel yemweyu. Ndimafuna wina andiuze kuti ndi bodza."

Ndinakumbukira. Linali Lamlungu, magetsi atangoyaka, ine ndikuthamangira kusita asanazimenso. Ndinakumbukira kuti nditamumenya ndinadzitama mumtima kuti ndikulera mwana mwaulemu. Mawu amodzi okha, akuti bodza, ndinali nawo m'kamwa, ndipo ndinamumana. Amayi anga ankakhala chete chifukwa kuseri kwa chitseko kunali amayi anayi olankhula m'malo mwawo. Ine ndinatengera kukhala chete kokhako, kuseri kwa chitseko changa kulibe aliyense.

Ndinabwerera, ndinamulanda chikwama chija n'kuchikoleka paphewa langa.

"Dzuka. Tiye kwathu."

"Alamu!" A Rozina anandiimirira kutsogolo. "Mawu ndanena kale, anthu amva. Wotulidwa sabwerera tsiku lomwelo. Ndiponso achimwene mwawamva, akuthamangitsani nonse. Mukufuna kuthetsa banja la zaka makumi awiri?"

"Mwanena kwa ndani, alamu? Wayankha ndani? Tamutula kwa mwana mnzake. Ngati banja lithe, lithe. Uyu sindimusiya pano."

A Rozina anayang'ana Eva, anayang'ana mphasa ija. Anamasula mfundo ya chitenje chawo, anatulutsa kandalama kamene kanalimo n'kumufumbatitsa mtsikanayo. Eva sanayang'ane n'komwe m'dzanja lake. Maso ake anali pa ine.

"Mukumutenganso?" anafunsa. "Kodi zimaloledwa?"

Ndinangomufunsa dzina la amayi ake ndi kumene amakhala ku Chinsapo. Anandiuza mofulumira, kawiri, kuti ndisaiwale: pafupi ndi chigayo, geti lobiriwira. Titafika pokhota ndinacheuka, anali ataimabe pakhomo akugwedeza khanda lake.

A Leston tinawapeza atakhala pakhonde, tiyi atazizira m'kapu. Ataona kuti tabwera atatu anaimirira, anatsekereza khomo ndi thupi lawo.

"Ndinati chiyani dzulo?"

"Munati tituluka awiri. Ndabwera kudzatenga zovala zanga, ngati mawu ndi omwewo. Koma mumve kaye. Mwamunayo wathawa. Alibe mayi, alibe malume, alibe kwawo kodziwika. M'nyumbamo muli mwana wa zaka fifitini ndi khanda, ogona pamphasa, wopita kukabereka atakwezedwa pa wilibala. Nayenso ali ndi bambo ake, munthu ngati inu, amene ankaopa kulozedwa pageti. Chaka chatha chonse sanapiteko kukamuona. Ngati mukufuna kukhala bambo ameneyo, nenani, ine ndimve."

"Rozina, n'zoona zimenezi?"

"N'zoona, achimwene," anayankha a Rozina motsitsa mawu. "Kumene kuja si kotula munthu. Ndi kotaya."

A Leston anamuyang'ana Jemima, koyamba chiyambire sabata imeneyo. Sananene kuti lowani, sananenenso kuti chokani. Anatsika pakhonde, anapita kukaima kumpanda atatifulatira, mapewa akugwedezeka. Khomo linatsala lotseguka.

Ndinamugwira mwana wanga dzanja, tinalowa kuchipinda. Sindinkadziwa kuti mawu oterewa mayi amawayamba bwanji, popeza sindinamvepo mayi akuwayamba. A Rozina anavula nsapato kuti atitsatire.

"Khalani pompo, alamu, mupume," ndinatero. "Anafunsa ine."